Mwana wabayidwa katemera katatu koma wadwalabe malungo, ndiye phindu lake n'chiyani?

MakeMwana_Balaka:
Moni nonse a pagulu. Ndili ndi funso ndipo ndikufuna mayankho enieni osati zonyozana. Mwana wanga wamkazi analandira katemera wa malungo uja katatu konse, ali ndi miyezi 5, 6 ndi 7, zonse zinalembedwa m'buku lake la kusikelo, sindinajombepo. Pano wadutsa chaka, ndiye sabata yatha thupi linatentha usiku, kusanza, bere kukana, m'mawa tinathamangira kuchipatala atamubaya chala kachipangizo kaja kanaonetsa mizere iwiri, akuti malungo. Anatipatsa LA ndipo pano ali bho akusewera. Koma nanga katemera uja ntchito yake inali chani? Bambo ake akundiseka kuti ndinkangotaya ndalama za kabaza, ndipo akuti wachinayi uja wa miyezi 22 ndisavutike nawo. Amene mukudziwa tandiuzeni zoona.

Chimkwezule:
Anakuyeserani mankhwala basi mayi. Dziko loyamba padziko lonse kulandira katemerayu linali Malawi, simunadabwe? Zinthu zabwino zinayamba liti kuyambira kuno?

Bwandiro47:
Wayamba kale uyu kkkk

NesiWaUsiku:
Mayi, choyamba pepani ndi matendawo, ndipo munachita bwino kupita m'mawa momwemo osadikira kuti tione kaye ndi panado. Funso lanuli timafunsidwa pafupifupi tsiku lililonse ndipo vuto lili kwa ife azaumoyo, pa sikelo mzere umakhala wautali ndiye timangobaya osafotokoza bwino. Katemera wa malungo sali ngati wa chikuku amene mwana akalandira kawiri nkhani yatha. Uyu amachepetsa. Pa kafukufuku wamkulu amene anachitika kuyambira 2009 mpaka 2014 m'mayiko 7 a mu Africa muno, ku Lilongwe kunalinso malo amodzi, anapeza kuti ana amene analandira kanayi konse malungo anachepa ndi pafupifupi 4 pa 10 aliwonse pa zaka zinayi, ndipo malungo aakulu aja okomoka nawo anachepa ndi pafupifupi 3 pa 10. Ndiye kuti mwana wobayidwa akhoza kudwala ndithu, palibe amene anabisa zimenezo. Koma kudwala kumasiyana. Wina amamwa LA kunyumba pakatha masiku atatu akuthamanga panja, wina timamugoneka pa bedi tikusakasaka magazi oti timuike pakati pa usiku. Sindinganene kuti wanu wapulumuka chifukwa cha katemera, mwana mmodzi sitingayezere zimenezo, koma wachinayi uja mupite naye, ndi wofunika kwambiri.

Chimkwezule:
4 pa 10? Mwana wasukulu atakhoza 4 pa 10 mungamugulire Fanta?

Mfiti_ya_Data:
@Chimkwezule achimwene masamu ake sayenda choncho. Zimatengera kuti 4 pa 10 ya chani. Lipoti la WHO (bungwe la zaumoyo padziko lonse) la 2024 linati m'chaka cha 2023 anthu odwala malungo padziko lonse analipo pafupifupi 263 miliyoni, omwalira 597,000, ndipo 95 pa 100 ya imfa zimenezo zinachitika mu Africa, ambiri mwa iwo ana osafika zaka 5. Mukachotsapo gawo laling'ono pa nambala yaikulu chotere ndi ana ambirimbiri. Komanso pali zimene anapeza katemera ataperekedwa kwa ana oposa 2 miliyoni ku Malawi, Ghana ndi Kenya kuyambira 2019 mpaka 2023, osati mu labu koma m'zipatala zathu zomwezi zosowa magetsi: imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zinatsika ndi 13 pa 100, ndipo ogonekedwa ndi malungo aakulu anatsika ndi 22 pa 100. Dziwani kuti 13 imeneyo akunena imfa za matenda onse, osawerengera ngozi. Chifukwa chake n'choti malungo akamufoola mwana, chibayo kapena kutsegula m'mimba kumangodzamalizitsa.

Chimkwezule:
Manambala amenewo analemba ndani? Omwe amagulitsa katemerawo.

Mfiti_ya_Data:
Ayi. Amene amapanga katemerayu ndi kampani ya GSK, koma owerengera imfa m'midzi muno anali ofufuza athu omwe, a ku College of Medicine ndi anzawo. Ndipo poti mumakonda zobisika ndikuuzeni zimene simunafunse. Pa kafukufuku wamkulu uja wa 2009 mpaka 2014 panaoneka zinthu zitatu zodetsa nkhawa, ana ena obayidwa anadwala matenda oumitsa khosi, panali funso la malungo a m'bongo, komanso zinkaoneka ngati atsikana akumwalira kuposa anyamata. N'chifukwa chake WHO sinavomereze nthawi yomweyo, inati ayambe kaye m'mayiko atatu akuyang'anitsitsa zinthu zitatuzo. Ana atachuluka anapeza kuti sizikugwirizana ndi katemera, ndiye pa 6 Okutobala 2021 m'pamene anavomereza kuti aperekedwe ponseponse. Akanakhala ofuna kubisa sakanadikira zaka zonsezo.

Gogo_wa_Mapasa:
Ana inu mukukangana chifukwa simunaone. Ife tinkaika ana m'manda nthawi ya dzinja ngati mwambo, mwana wadzuka bwinobwino madzulo maso atembenuka, tinkati ndi linjirinjiri ena ankati kwadutsa kadzidzi, kumufukiza ndi masamba mpaka kupita. Ine adzukulu anga onse ndimawaperekeza ndekha kusikelo amayi awo akakhala kumunda.

MakeMwana_Balaka:
Zikomo a nesi. Koma chimene sindikumvetsa n'choti bwanji wachinayi amachedwa chonchi? Kuchokera miyezi 7 mpaka 22 munthu umaiwala ndithu, ena amakhala ali ndi pakati pena kale.

Dokotala_Mawa:
Ndiyankhe ine ngakhale ndikadali pasukulu, akuluakulu andikonza. Udzudzu ukaluma umalavulira tizirombo m'thupi, tizirombo timeneto sitiyamba kudwalitsa nthawi yomweyo ayi, timathamangira kaye ku chiwindi n'kukabisala kumeneko pafupifupi sabata tikuswana, kenako timatuluka tambirimbiri n'kulowa m'magazi, apo m'pamene thupi limatentha. Katemerayu amaphunzitsa asilikali a m'thupi kugwira tizirombo tija tisanafike ku chiwindi. Vuto ndi loti nthawi yake ndi yochepa kwambiri, ndipo kakangopulumuka kamodzi n'kukalowa m'chiwindi katemera alibenso chochita, kaswana basi. Ndiye pamafunika asilikali ochuluka zedi okhala tcheru nthawi zonse, koma asilikali amenewa amachepa miyezi ikamapita. Chaka choyamba chitetezo chimakhala pafupifupi theka, kenako chimatsika. Wachinayi uja amabwera kudzawadzutsanso pa nthawi imene mwana akuyenda yekha, akusewera panja madzulo, komanso wasiya kapena akusiya kuyamwa. Mwana wanu mayi ali ndendende pa nthawi imene mphamvu ya atatu aja ikutsika.

NesiWaUsiku:
Palibe chokonza, wakhoza mwana wasukulu.

HSA_wa_kuDambo:
Nkhani ya wachinayiyi ndiye mutu wathu ife alangizi. Atatu oyamba sativuta chifukwa amayi amakhala akubwerabe kusikelo mwezi ndi mwezi. Wa chikuku wa miyezi 9 amabwera, wa miyezi 15 ena ayamba kale kusowa, ikafika 22 ndiye mpaka tiyende khomo ndi khomo pa njinga, ukafika akuuza kuti buku linanyowa ndi mvula kapena lili kwa apongozi. Ena amaona ngati mwana akayamba kuyenda ndiye kuti wamaliza sikelo. Ine ndimawauza amayi kuti muziwerengera kuti kukatsala miyezi iwiri kuti mwana akwanitse zaka ziwiri, bwerani. Ndipo bambo a mwanayo muwauze abwere adzandifunse ine, nkhani ya kabazayo tikambirana amuna okhaokha.

Bwandiro47:
Ine ndili mu town ku Lilongwe mwana wanga sanapatsidwepo zimenezi, ndiye kuti a nesi anatidumpha?

HSA_wa_kuDambo:
Sanakudumpheni bwana. Poyamba sanapereke dziko lonse, anasankha maboma 11 kumene malungo ndi ochuluka: Karonga, Nkhata Bay, Ntchisi, Mchinji, Lilongwe ya kumidzi, Balaka, Mangochi, Machinga, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje. Mwambo woyamba unachitikira ku Mitundu pa 23 Epulo 2019. Ngakhale m'maboma amenewo poyamba anali madera ena okha kuti athe kuyerekeza, madera otsalawo anayamba kumapeto kwa 2022. Kafunseni pa sikelo yanu kuti panopa zili bwanji kwanuko.

NyanjaBoy:
Ine katemera ndilibe naye mawu koma za maneti zokha musatinamize. Neti imabweretsa nsikidzi, aliyense kuno akudziwa. Chigawireni maneti atsopano sitikugona.

Chambo_Chowamba:
Inu a kunyanja mukhale chete, maneti anu ali m'madzi akugwira usipa kkkkk

NyanjaBoy:
Aise usipa umadyetsa ana, udzudzu sudyetsa munthu

Chambo_Chowamba:
Ndiye mukukokolola ndi timwana ta nsomba tomwe, chaka chamawa mudzadya netiyo.

NesiWaUsiku:
@NyanjaBoy neti sibereka nsikidzi achimwene. Nsikidzizo zinalimo kale m'ming'alu ya khoma ndi m'mphasa, mankhwala a pa neti amazisokosa ndiye zimatuluka poyera n'kumakwera pa neti pomwepo, inu mumaona ngati zabwera ndi neti. Thirani madzi otentha pa bedi, yanikani mphasa padzuwa, matani ming'alu. Koma netiyo musayanike padzuwa, dzuwa limapha mankhwala ake. Yatsopano muyanike pamthunzi tsiku lathunthu musanagonemo, kuyabwa kumaso kuja kumachepa.

Madala_aKale:
Nanga zija amanena kuti ukagona mu neti mphamvu za kuchipinda zimatha? Ndikufunsira mnzanga.

Bwandiro47:
Mnzanuyo ali ndi zaka zingati madala kkkkkk

Gogo_wa_Mapasa:
Musanamizire neti.

Mfiti_ya_Data:
Kusiya nthabwala, pa nkhani ya maneti pali dandaulo limodzi limene anthu amanena ndipo ndi loona, loti masiku ano udzudzu umatera pa neti osafa. Kwa zaka zambiri maneti onse ankanyikidwa mu mtundu umodzi wa mankhwala, ma pyrethroid, ndiye udzudzu unazolowera, makamaka mtundu wa Anopheles funestus umene ndi wovuta kwambiri kuno kwathu. Ndiye anayamba kupanga maneti a mankhwala awiri. Ena ali ndi PBO, amene amatseka njira imene udzudzu umasungunulira poizoni m'thupi mwake. Ena ali ndi chlorfenapyr, amene sapha pompopompo koma amauthera mphamvu udzudzu n'kukafera kwina. Ku Misungwi ku Tanzania anayerekeza, ndipo m'midzi imene inalandira a chlorfenapyr ana odwala malungo anachepa ndi 44 pa 100 pa zaka ziwiri poyerekeza ndi maneti akale. Ku Benin anapezanso zofanana. Mu Malichi 2023 WHO inalangiza kuti kumene udzudzu unazolowera mankhwala akale azigawa amenewa. Ndiye mukaona udzudzu uli phee pa neti m'mawa musafulumire kunena kuti neti ndi yabodza, mwina ukudikira imfa.

NyanjaBoy:
Koma kutentha kwa kuno mu Okutobala inu simukukudziwa. Kulowa mu neti ngati walowa mu uvuni, anthu timagona pakhonde.

HSA_wa_kuDambo:
Pakhondepo mangani neti pomwepo, misomali inayi basi. Ana okha ndiye musawanyengerere.

Mlimi_Wamakono:
Ine banja langa lonse sitimwa za kuchipatala. Nimu, mandimu ndi tiyi wa Artemisia, ndinadzala kuseri kwa nyumba. LA yemweyo amapangidwa kuchokera ku chitsamba chimenechi, ndiye ndilipirirenji transport pomwe gwero lake lili pakhomo?

Dokotala_Mawa:
Theka la zimene mwanenazo ndi zoona amalume. Mankhwala a artemisinin anachokeradi ku chomera cha Artemisia annua, anawatulukira ndi mayi wa ku China Tu Youyou amene analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Koma mu tiyi simungadziwe mlingo, tsamba lina lili ndi mankhwala ambiri lina ochepa, zimatengera nthaka, kaumitsidwe ndi kawiritsidwe. Mukamwa ochepa thupi limazizira mumaona ngati mwachira koma tizirombo tina tatsala, ndipo totsalato ndi timene tikuphunzira kupirira. LA ali ndi mankhwala awiri dala, artemether amagwetsa tambiri mwachangu, lumefantrine amatsalira m'thupi kusesa totsala. WHO inanena poyera mu 2019 kuti tiyi ameneyu asagwiritsidwe ntchito pochiza kapena kupewa malungo. Inu akuluakulu mwina mukupulumuka chifukwa thupi lanu linadwala malungo kambirimbiri linazolowera, koma mwana wa chaka chimodzi alibe chitetezo chimenecho.

Mlimi_Wamakono:
Makolo athu ankachira ndi chani kusanabwere zipatala?

Gogo_wa_Mapasa:
Ankafa bambo. Amayi anga anabereka ana ambiri, tinakula ochepa.

Madala_aKale:
Koma ine ndimakumbuka kolokwini, kuwawa kwake komanso kuyabwa thupi lonse usiku, ukadzikanda mpaka magazi. Anapita kuti ameneyu? Ankagwira ntchito bwino kuposa za masiku anozi.

Mfiti_ya_Data:
Madala mwakhudza nkhani imene dziko lathu limatchuka nayo m'mabuku a zaumoyo. Kolokwini anasiya kugwira ntchito chifukwa tizirombo tinamuzolowera, ana ankamwa koma osachira. Mu 1993 Malawi inakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kuyamba fansida. Fansida nayenso anafooka, ndiye mu 2007 tinasamukira ku LA. Chodabwitsa n'choti patapita zaka kolokwini asakugwiritsidwa ntchito, ofufuza anamuyesanso pa ana ku Ndirande ku Blantyre, zotsatira zinatuluka mu 2006, ndipo anachiza 99 pa 100. Tizirombo topirira tija tinali titatha tokha poti panalibenso chotilimbitsa. Sanamubwezeretse chifukwa mayiko oyandikana nafe anali akadali ndi tizirombo topirira, tikanangobwerera. Chimene chikundiopsa ine panopa ndi LA. Ku Rwanda, Uganda, Eritrea ndi Tanzania atsimikiza kale kuti kuli tizirombo timene tikuchedwa kufa ndi artemisinin. Tanzania ndi pa Songwe pomwepa, mabasi akudutsa tsiku lililonse. LA akadali kugwira ntchito, koma tikapitiriza zomwa masiku awiri n'kusungira otsalawo mwana wina, tidzalira.

NesiWaUsiku:
Apo ndiye mwandikhudza. Kamwedwe ka LA ndi kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu, m'mawa ndi madzulo, ndipo mwana adye kaye kanthu ka mafuta, phala la nsinjiro, mkaka kapena bere lomwelo, chifukwa popanda mafuta mankhwalawa salowa bwino m'thupi. Akasanza pasanathe theka la ola mubwerezenso. Koma zimene timaona, mayi wabwera ndi mwana wachiwiri ali ndi kapepala ka LA kotsala theka m'chikwama, ukafunsa akuti mkulu wake anachira msanga ndiye ndinasunga. Enanso kungomva mutu kuthamangira ku grocery kukagula LA osayezetsa. Si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo, ndaonapo mwana atamwetsedwa LA kawiri kunyumba pomwe vuto linali chibayo, anafika akupuma movutika nthiti zikulowa m'kati.

Chambo_Chowamba:
Koma a nesi tinene zoona, nthawi zina timapita kuchipatala n'kutiuza kuti zoyezera zatha, LA watha, kagule ku pharmacy. Ine zinandichitikira pa chipatala china mwana ali moto, ndinabwerera ndi kapepala basi. Ndiye musamangotidzudzula ife.

NesiWaUsiku:
Sindikukana asisi, zimachitika ndipo ifenso zimatiwawa, kumuuza mayi kuti kagule ukudziwa kuti m'thumba mwake mulibe kanthu. Koma ngakhale zoyezera zitatha bwerani tione mwanayo ndi maso. Akamakomoka, akamalephera kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akafooka osatha kukhala tsonga, manja ndi zikope zikayera, ameneyo si wa mapiritsi, ndi wa jakisoni wa artesunate ndipo ola lililonse ndi lofunika. Kumidzi alangizi ena ali ndi mankhwala oika kumbuyo kuti mwana apirire pa ulendo wopita kuchipatala chachikulu, koma amenewo si mathero, mupitebe.

WakuJoni_011:
Moni kumudzi. Ine ndili ku Johannesburg zaka zambiri, Disembala ndikubwera ndi ana anabadwira kuno. Katemera ameneyu ndingabayitse ine ndi anawo tisananyamuke? Ulendo wapitawo malungo anandigwetsa nditabwerera kuno, madokotala a kuno anayamba ayeza zina zonse asanaganize za malungo.

Dokotala_Mawa:
Ayi achimwene, katemerayu ndi wa ana aang'ono okhala kumene kuli malungo, kuyambira miyezi 5, si wa apaulendo kapena akuluakulu. Inu pitani ku travel clinic akupatseni mapiritsi opewera, mumayamba musananyamuke n'kupitiriza mutabwerera. Ndipo musadzinamize kuti ndine mwana wa ku Nkhotakota malungo amandidziwa, chitetezo chija chimatha ukakhala kunja nthawi yaitali. Ana anuwo ndiye alibiretu. Mukabwerera thupi likatentha muwauze adokotala poyambirira kuti munali ku Malawi.

WakuJoni_011:
Mwalasa, ndine wa ku Nkhotakota komweko kkkk

Chimkwezule:
Chabwino, ndiye ndimva kuti kuli katemera wina watsopano wa 75 peresenti. Bwanji ife anatipatsa wa 4 pa 10, wabwinoyo akupatsa ena? Yankhani pamenepo a Data.

Mfiti_ya_Data:
Funso labwino kwa nthawi yoyamba. Woyamba uja dzina lake ndi RTS,S, ntchito yake inayamba m'ma 1980. Wachiwiri ndi R21, anapangidwa ku yunivesite ya Oxford ndipo amafululidwa ndi Serum Institute ku India, WHO inamuvomereza pa 2 Okutobala 2023. Mu 2019 kunalibe, anali akadali pa kafukufuku, ndiye panalibe zosankha. Koma 75 imeneyo muisamale. Inapezeka ku madera ngati a ku Burkina Faso ndi Mali kumene malungo amabwera nyengo imodzi yokha, ana anabayidwa mvula itatsala pang'ono kuyamba, ndipo anawerengera miyezi 12 yokha. Kumene malungo ali chaka chonse inali 68. Pomwe 4 pa 10 ya RTS,S ija ndi ya zaka zinayi, mphamvu itatsika kale. RTS,S yemweyo ataperekedwa motsata nyengo anafikanso cha pomwepo. Simungayerekeze wothamanga mamita 100 ndi wa mtunda wautali. WHO imati awiriwa sanapikisanitsidwe pa kafukufuku mmodzi ndipo palibe umboni woti wina amaposa mnzake. Kusiyana kwenikweni ndi mtengo ndi kuchuluka. RTS,S anali wochepa, madozi 18 miliyoni okha oti agawane mayiko 12 kuyambira 2023 mpaka 2025, pomwe a ku India amatha kupanga 100 miliyoni pa chaka pa mtengo wosafika madola 4. N'chifukwa chake mayiko ambiri ayamba tsopano. Cameroon inayamba mu Januwale 2024 ndi RTS,S, Côte d'Ivoire mu Julayi 2024 ndi R21, anzathu a ku Mozambique anayambira ku Zambézia chaka chomwecho.

Chimkwezule:
Ndiye kuti mayiko onsewo anadikira kuti aone kaye ngati ana a ku Mchinji afa kapena ayi.

Mfiti_ya_Data:
Kapena munganene kuti ana a ku Mchinji anatetezedwa zaka zisanu ana a ku Cameroon asanaone n'komwe botolo lake. Zonse ziwiri mukhoza kunena, koma imfa zinatsika, sizinakwere.

Chimkwezule:
Ine ndimangofunsa. Wina azifunsa pagulu pano, nonse mukangovomera tidzagulitsidwa.

Mayi_Busa:
Ine ndili ndi pakati miyezi isanu, kusikelo akundipatsa fansida. Nanga si mwanena kuti fansida anasiya kugwira ntchito? Ndiye akundipatsiranji, komanso amandichititsa chizungulire.

NesiWaUsiku:
Pochiza munthu wodwala anafookadi mayi, koma poteteza mayi woyembekezera akuthandizabe, ana amabadwa ndi sikelo yabwino ndipo magazi a mayi satsika kwambiri. Malungo a pa mimba ndi achinyengo, tizirombo timabisala mu nsengwa inu osamva kalikonse koma mwana sakukula. Malangizo ndi oti kuyambira miyezi itatu ikadutsa muzimwa mwezi uliwonse, osachepera katatu mimba yonse. Idyani kaye musanapite, chizungulirecho chimachepa. Musakataye kuseri kwa chipatala ngati mmene ena amachitira, timawapeza mapiritsiwo pa udzu.

Dokotala_Mawa:
Ndiwonjezere zatsopano pang'ono poti tili pa ana. Mu Julayi 2025 a ku Switzerland anavomereza Coartem Baby, LA wopangidwira makanda a makilo 2 mpaka 5, amasungunuka ngakhale mu mkaka wa m'mawere. Kale makanda otere ankangowagawira mapiritsi a ana okulirapo. Malawi ili m'gulu la mayiko 8 amene anatenga nawo mbali pounika. Chinanso, kuyambira 2022 WHO imalangiza kuti mwana amene anagonekedwa chifukwa chochepa magazi kwambiri azipatsidwa mankhwala opewera malungo kwa miyezi ingapo atatuluka, chifukwa anapeza kuti ambiri amamwalira kapena kubwereranso m'miyezi yoyamba ali kunyumba. Kafukufuku wina wa zimenezi anachitikira konkuno, Pulofesa Kamija Phiri ndi anzake.

Bwandiro47:
Inu mukudziwa zambiri, nanga za jakisoni wa HIV wobaya kawiri pa chaka uja ndi zoona? Lenacapavir kaya amati chani

Madala_aKale:
Ameneyonso mukufunsira mnzanu?

Admin_Wamkulu:
A Bwandiro tsegulani mutu wina wa zimenezo, pano tisasakanize. Tibwerere ku katemera wa malungo, pali mayi wina wafunsa ku inbox akuopa kulemba pagulu. Akuti mwana wake ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, wachinayi anaphonya chifukwa anali kumaliro kwawo nthawi yaitali, ndiye akuopa kukakalipidwa. Ayambirenso kapena basi zatha?

HSA_wa_kuDambo:
Sayambiranso, atatu aja sanawonongeke. Abwere ndi mwana ndi buku lake, tikaona msinkhu ndi pamene analekezera n'kupitiriza pomwepo. Akachedwetsanso m'pamene angadutse msinkhu wake, ndiye asadikire mwezi wamawa. Buku likasowa abwerebe, tili ndi kaundula wathu tikafufuza dzina. Zokalipazo sindingalonjeze za anzanga onse, ena m'kamwa mwawo ndi motero, koma kukalipidwa mphindi ziwiri sikupha. Ndipo amayi dziwani kuti akabayidwa thupi likhoza kutentha pang'ono tsiku limodzi kapena awiri, pobayapo kutupa, zimenezo n'zachizolowezi. Ana ochepa kwambiri amakomoka chifukwa cha kutenthako, zikatero thamangani naye kuchipatala osadikira.

NyanjaBoy:
Ndiye mwana akamaliza kanayi konse neti ija ndingatenge eti?

NesiWaUsiku:
Mukaigwira netiyo ndikubwera konko ndekha.

Mfiti_ya_Data:
Manambala onse ndatchula aja anapezeka pa ana amene ambiri mwa iwo ankagonanso m'maneti. Palibe anayesa katemera kuti alowe m'malo mwa neti.

MakeMwana_Balaka:
Bambo ake ndawawerengera zonse, akuti a HSA abwere adzakambirane koma kabaza alipire okha kkkk

HSA_wa_kuDambo:
Ndili ndi njinga ya boma, ilibe mabuleki koma imafika.

Bwandiro47:
Mutu wa jakisoni wa HIV ndatsegula, a Data ndi a Dokotala_Mawa tiyeni kumeneko

Chimkwezule:
Ndikubwera komweko, ndili ndi mafunso.